Jenda: Mau Achilendo, Funso Lakale

Tsiku lina la Mulungu, Misa itangotha, tidakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi kuti tikambirane za mai wina wa mu mphakati wathu amene amuna ao adaali atamwalira. Tsiku lometa litapita, abale a malemuwo adasasula malata, natenga njinga, wailesi, makina osokera ndi mbuzi zonse, kuŵasiya mai aja ndi ana anai pa mphasa. Mtsikana wina wophunzira adaimirira nati: "Zimenezi malamulo a dziko amaletsa. Tiyeni tiŵaperekeze amaiŵa ku bwalo la milandu." Asanakhale pansi n'komwe, bambo wina wachikulire, Mkhristu wokhulupirika amene sajomba Misa, adapukusa mutu nati: "Mwana wanga, za jenda zanuzo kazichitirani ku tauni konko. Kuno n'kutchalitchi." Ambiri adaseka, nkhani idathera pomwepo, ndipo tidabalalika titangosonkha ufa ndi sopo.

Mau a bambo aja sandichoka m'mutu, chifukwa sadaali ao okha. Ndaŵamva pa maliro, m'basi, pa chilangizo cha ukwati, ngakhale pakamwa pa amai ena. M'mau ochepawo mudaali milandu iŵiri: woyamba, kuti nkhani ya ufulu wa akazi njachilendo, wachiŵiri, kuti ilibe malo pakati pa Akhristu. Oŵerenga okondedwa, tiyeni tiipete milandu iŵiriyi monga amai apetera mphale m'lichero, kuti tione gaga ndi uti, chakudya ndi chiti.

Mauŵa adachokera kuti?

Kuti liu lokhalo nlachilendo, bambo aja sadaname. "Jenda" tidabwereka ku Chingerezi, ndipo liuli lidayamba kumveka kwambiri pa wailesi dziko litaloŵa mu ulamuliro wa zipani zambiri mu 1994, makamaka utatha msonkhano waukulu wa amai wa ku Beijing mu 1995. Tanthauzo lake ndi ili: pali zimene Mulungu adasiyanitsa m'thupi, monga kubala ndi kuyamwitsa, palinso zimene anthufe tidagaŵana tokha, monga wotunga madzi, wolankhula pa bwalo ndi wosunga ndalama. Zoyambazo nzachilengedwe, zachiŵirizo nzamwambo, ndipo mwambo umasintha. Makolo athu sadaonepo mkazi akuyendetsa basi kapena mwamuna akugwira ntchito ya unamwino, koma ife taziona, ndipo mvula ikugwabe.

Kumbuyo kwa jenda kuli liu lina limene ophunzira amati feminizimu, lochokera ku liu la Chilatini lotanthauza mkazi. Tikalisenda makoko onse, chotsala m'kati nchimodzi: kukhulupirira kuti mkazi ndi munthu wathunthu monga mwamuna, ndiponso kuyesetsa kuti malamulo, miyambo ndi chuma zivomereze zimenezo.

Amene amati umenewu ndi mwambo wa Azungu saidziŵa bwino mbiri ya Azunguwo. Ku England, mkazi akakwatiwa, katundu wake ankasanduka wa mwamuna, mpaka malamulo a 1870 ndi 1882 adasintha zimenezo. Mu 1792 mai wina wa komweko, Mary Wollstonecraft, adalemba buku lotsutsa ganizo lakuti akazi ngopereŵera nzeru, nanena kuti amaoneka choncho chifukwa adamanidwa maphunziro. Mu 1848 amai ndi abambo adasonkhana ku Seneca Falls, m'dziko la America, kupempha kuti mkazi aziponya nao voti. Dziko la New Zealand lidalola zimenezo mu 1893, America mu 1920, Britain kwa akazi onse mu 1928, France mu 1944, pamene Switzerland idachedwa mpaka 1971. Tsono feminizimu si mwambo wa Azungu ai. Udaali mlandu umene ana aakazi a Azungu adaimba makolo ao, ndipo nawonso adanyozedwa ndi kusekedwa monga adasekedwera mtsikana wathu uja.

Pambuyo pake nkhaniyi idafika ku bungwe la United Nations, limene lidatcha chaka cha 1975 chaka cha amai, ndipo mu 1979 lidakhazikitsa pangano lothetsa tsankho lililonse lochitira akazi. Dziko la Malaŵi lidaloŵa m'panganolo mu 1987. Msonkhano wa ku Beijing uja, umene ena amaunena ngati mliri wochokera kutali, mlembi wake wamkulu adaali mai wa ku Tanzania kuno, Gertrude Mongella. Ndipo mu 2003 maiko a mu Africa adagwirizana pangano laolao la ufulu wa amai mu mzinda wa Maputo.

Nanga kwathu kuno funsoli nlatsopano?

Tikabwerera m'mbuyo, tipeza kuti makolo athu sadaali osadziŵa ulemu wa mkazi. Ku kachisi wa mvula wa ku Msinja wamkulu adaali Makewana, ndiye kuti mai wa ana onse, ndipo mafumu ankatumiza mitulo kwa iye chilala chikavuta. Mu ufumu wa Amaravi, Kalonga ankachokera m'mimba mwa Nyangu. Popanda Nyangu padaalibe Kalonga. M'madera a chikamwini munda umatsata mai, ndipo mwamuna ndiye amasamukira kwao kwa mkazi. Anankungwi ndiwo adaali aphunzitsi a mudzi sukulu zisanabwere.

Komabe tisanamizane kuti kale kudaali mtendere wokhawokha. Mbumba idaali ndi mwini wake, ndipo mwini mbumbayo adaali mwamuna, malume, amene mau ake ankatha nkhani. Mwambo womwewo umene udalemekeza Makewana ndiwo udalola kusasa fumbi, kuloŵa kufa ndi chokolo chokakamiza. Mwambo uli ngati nkhokwe: m'menemo muli chimanga, mulinso anankafumbwe, ndipo wanzeru satentha nkhokwe yonse, komanso sadya anankafumbwe chifukwa choti ngam'nkhokwe ya makolo.

Mbiri ya dziko lathu nayo ili ndi mboni. Rose Chibambo, amene nkhope yake timaiona pa ndalama ya K200, adasonkhanitsa amai kuti alimbane ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo mu 1959 adamangidwa ali ndi khanda m'manja. Vera Chirwa, loya woyamba wamkazi m'dziko muno, adagwidwa mu 1981 natuluka m'ndende mu 1993. Amaiŵa sadaphunzire kulimba mtima ku Beijing. Adachita zimenezi liu loti jenda lisanamveke m'mudzi uliwonse. Liu nlachilendo, koma funso nlathu ndipo nlakale.

Eklezia akuti bwanji?

Mlandu wachiŵiri ndiwo wolemera, pakuti bambo aja adati: "Kuno n'kutchalitchi." Tiyeni tsono tiloŵe m'tchalitchimo timve. Mutu woyamba wa buku la Genesis utiphunzitsa kuti mwamuna ndi mkazi onse adalengedwa m'chifaniziro cha Mulungu. Sudanene kuti wina adalandira chifaniziro chathunthu, wina theka. Kulamulira mkazi mwankhanza kukutchulidwa m'mutu wachitatu, pakati pa zoŵaŵa zobwera ndi tchimo, pamodzi ndi minga ndi thukuta. Munthu salima minga dala ponena kuti idalembedwa.

Pali nkhani ina imene sitiimva kaŵirikaŵiri pa guwa, m'mutu 27 wa buku la Numeri. Munthu wina dzina lake Zelofehadi adamwalira osasiya mwana wamwamuna, ndipo ana ake aakazi asanu adaimirira pamaso pa Mose ndi pa msonkhano wonse kupempha choloŵa cha bambo wao. Mose sadaŵauze kuti akhale chete. Adapita ndi mlanduwo kwa Mulungu, ndipo Mulungu adagamula kuti atsikanawo akunena zoona, lamulo la choloŵa nkusinthidwa. Akadakhala pansi pa mtengo wathu wa mango uja, kodi sitikadaŵauza kuti za jenda akachitire ku tauni?

Ambuye Yesu adakambirana za Mulungu ndi mai wa ku Samariya pa chitsime, ophunzira ake nkudabwa. Adateteza mkazi amene adabwera naye kuti aponyedwe miyala, pamene mwamuna wochimwa naye sadaoneke. Atauka kwa akufa, adayamba kutuma Maria wa ku Magadala kuti akauze atumwi. Ndipo ife abambo amene timaloŵeza pamtima mau a Paulo Woyera kwa Aefeso onena za mutu wa banja, bwanji timalumpha vesi lotsogola, lopempha onse kuti azigonjerana, ndi lotsatira, lolamula mwamuna kukonda mkazi wake monga Khristu adakondera Eklezia mpaka kumufera? Mutu umene Paulo akunena ndi uja udavala chisoti chaminga, osati wonyamula chikoti.

Apapa nawo sadakhale chete. Mu 1963 Papa Yohane wa 23 adatchula kuloŵa kwa amai m'ntchito zoyendetsa dziko ngati chimodzi cha zizindikiro za nthaŵi yathu. Msonkhano Waukulu Wachiŵiri wa ku Vatican, mu 1965, udaphunzitsa kuti kusala munthu pa maufulu ake chifukwa ndi mkazi kapena mwamuna nkotsutsana ndi chifuniro cha Mulungu. Mu 1970 Papa Paulo wa 6 adaika Tereza wa ku Avila ndi Katarina wa ku Siena m'gulu la Aphunzitsi a Eklezia. Papa Yohane Paulo Wachiŵiri adalemba kalata yonena za ulemu wa mkazi mu 1988. Mu 1995 adalemberanso amai a dziko lonse, napepesa pa zolakwa zimene ana a Eklezia adaŵachitira, napempha malipiro ofanana pa ntchito yofanana. Chaka chomwecho adagwiritsa ntchito liu lomweli la feminizimu, napempha amai kuti atsogolere feminizimu watsopano wolemekeza moyo. Papa Francisco, mu 2016, adanena kuti kumenya mkazi si chamuna koma mantha. Mu 2021 adalola amai kulandira mwalamulo utumiki woŵerenga Mau a Mulungu ndi wotumikira pa guwa. Mu 2023 amai adaponya nao voti pa Sinodi ya Aepiskopi ku Rome. Ndipo mu 2025 adasankha Sisteri Simona Brambilla kukhala mkulu wa nthambi yoyang'anira zipani za ansembe, abulazala ndi asisteri. Nkhani imene bambo aja adaithamangitsira ku tauni, Eklezia adailandira kale m'nyumba.

Pamene njira zisiyana

Sindikunena kuti chilichonse chotchedwa feminizimu Mkhristu achimeze chosatafuna. Feminizimu si mtsinje umodzi, koma mitsinje yambiri, ndipo ina imatsira kumene ife sitingamwe. Ena amaphunzitsa kuti ufulu wa mkazi sungakwanire popanda ufulu wochotsa mimba. Eklezia akukana, pakuti mwana wosabadwayo ndi munthu, ndipo Aepiskopi athu adatsutsa poyera pamene padabwera maganizo ofeŵetsa lamulo la nkhaniyi. Ena amaona banja ngati ndende, umai ngati temberero, mwamuna ngati mdani. Enanso amafuna kufafaniziratu kusiyana kwa mwamuna ndi mkazi, ngati kuti thupi limene Mulungu adatipatsa nchovala chongosintha. Pa za unsembe, Papa Yohane Paulo Wachiŵiri adanena mu 1994 kuti Eklezia alibe mphamvu yodzoza akazi.

Koma apa mpamene pafunika kuona mtima. Tikamakana zimenezi, tizikana chifukwa cha chikhulupiriro, osati kuti tipezerepo pobisala. Munthu amene amafuula pa za mwana wosabadwa koma nkukhala chete pamene mtsikana wa zaka 14 akupatsidwa mimba ndi bambo wamkulu, chikondi chake cha moyo nchopunduka. Ndipo tikadzudzula mtsikana wochotsa mimba, tifunsenso kumene kuli mwamuna amene adamkana.

Tafika pati?

Pa pepala, dziko lathu layenda ulendo wautali. Malamulo aakulu a dziko a 1994 amaletsa tsankho ndipo ali ndi gawo lapadera la ufulu wa amai. Mu 2006 kudabwera lamulo loletsa nkhanza za m'banja. Mu 2011 kudabwera lamulo la chuma cha masiye, limene limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, ndipo kulanda katundu wa masiye lidakusandutsa mlandu. Lamulo la 2013 lidati polemba anthu ntchito m'boma, akazi kapena amuna asachepere 40 pa anthu 100 alionse. Mu 2015 ndi mu 2017 malamulo adakhazikitsa kuti munthu asaloŵe m'banja asanakwane zaka 18. Tidakhalapo ndi Pulezidenti wamkazi, Mai Joyce Banda, kuyambira 2012 mpaka 2014. Mkulu wa oŵeruza milandu wamkazi, Mai Anastasia Msosa, mu 2013. Ndi Sipikala wamkazi, Mai Catherine Gotani Hara, mu 2019. Mwambi uja woti ng'ombe yaikazi sikoka ngolo udachita manyazi.

Koma pepala silifunda. Pa chisankho chomwecho cha 2019, mwa aphungu 193 amai sadakwane 50. Kafukufuku wa boma wa 2015 ndi 2016 adapeza kuti mwa amai 100 alionse a zaka 20 mpaka 24, okwana 42 adakwatiwa asanafike zaka 18, ndiponso kuti mai mmodzi mwa atatu alionse adamenyedwapo. Lamulo la 1973 loletsa akazi kuvala thalauzi lidathetsedwa mu 1993, komabe mu 2012 anyamata ena adavula amai m'misika ya ku Lilongwe ndi ku Blantyre chifukwa cha zovala zao. Lamulo lidafa, koma mtima wake udatsala.

Apa ndiyenera kudzudzulanso ena mwa amene amalalika jenda. Uthenga wao wakhalitsa m'mahotela, m'Chingerezi, pakati pa anthu olandira ndalama za msonkhano, ndipo muyeso wao waukulu wakhala kuŵerenga mipando ya ku Nyumba ya Malamulo. Mipandoyo njofunika, koma mai wa kumudzi amene amadzuka tambala woyamba kukatunga madzi, nalima, nasoka fodya mpaka usiku, kenaka osaona ngakhale chikalata cha ku okushoni, mpando wa phungu sumuphikira ndiwo. Ena adalankhula monyoza miyambo yonse ndi mafumu onse, mwakuti abambo adamva ngati aitanidwa ku mlandu umene chigamulo chake chidalembedwa kale. Nchifukwa chake liuli lidasanduka chipongwe m'midzi. Malemu Inkosi Theresa Kachindamoto a ku Dedza adatiwonetsa njira ina. Sadanyoze ufumu, adaugwiritsa ntchito. Adakhala pansi ndi mafumu ao, makolo ndi atsogoleri a mipingo, nathetsa maukwati a ana mazanamazana, nabweza anawo ku sukulu. Adalankhula m'chinenero chimene mudzi umamva, ndipo mudzi udamva.

Tidziyang'ane tokha

Chidzudzulo chachikulu ndachisungira ife eni, a m'banja la Mulungu. Loŵani m'tchalitchi lililonse pa Misa ya m'maŵa pakati pa sabata, muŵerenge mitu: amai ndiwo ambiri. Ndiwo amasesa, amaimba, amayendera odwala, amachezera pa maliro, amaphikira alendo a parishi. Asisteri athu, kuyambira pamene zipani za eni dziko zidakhazikitsidwa m'zaka za m'ma 1920, aphunzitsa ndi kuchiza mtundu uno. Koma pofika posankha wapampando wa bungwe la parishi kapena pokambirana za ndalama za chitukuko, kangati timati mai akhale wachiŵiri, kapena akayang'anire za kukhitchini? Palibe lamulo la Eklezia lotiuza zimenezo. Ndi chizoloŵezi chathu chabe chimene tachiveka mkanjo.

Mverani chilangizo cha ukwati. Mkwatibwi amalangizidwa maola aŵiri: madzi osamba, kugwada, kusayankha, kusunga chinsinsi. Mkwati amalangizidwa mphindi zisanu. Ndipo mkazi akabwera kwa ankhoswe kapena kwa akuluakulu a mpingo ali ndi diso lotupa, yankho lathu limakhala lokonzeratu: banja ndi kupirira. Kupirira ndi mphatso yoyera pa umphaŵi, pa matenda, pa kusoŵa mwana. Koma kupirira chibakera mpaka kuloŵa m'bokosi si sakramenti. Malamulo a Eklezia, pa nambala 1153, amalola munthu kupatukana ndi mnzake wa m'banja ngati moyo wake kapena wa ana uli pa ngozi yaikulu, ngakhale kuti ukwatiwo sumasulidwa. Ndi amai angati a m'miphakati yathu adauzidwapo zimenezi? Timagwada pamaso pa chithunzi cha Amai Maria ndi kolona m'manja, kenaka manja omwewo nkukamenya mai wa ana athu. Ulemu wotere Amai Maria saulandira.

Tiyang'anenso ana athu. Akaŵeruka ku sukulu, mnyamata amatenga mpira kapena buku, mtsikana amatenga ndowa. Fizi ikapereŵera, timadziŵa kale amene atsale. Mtsikana akatenga mimba timamchotsa m'kwaya, mnyamata nkumaimbabe. Chonsecho boma lidalola kuyambira 1993 kuti mtsikana wotere abwerere ku sukulu akabereka. Kusalingana sikuyambira ku Nyumba ya Malamulo. Kumayambira pa mafuwa, ndipo nthaŵi zambiri ophunzitsa ake ndi ife makolo, abambo ndi amai omwe.

Abambo anzanga, palibe chimene tikulandidwa. Mutu umodzi susenza denga, ndipo nyumba imene mkazi amadziŵa za ndalama, nalankhula momasuka, nagona wopanda mantha, ndiyo imene mwamuna amakalambiramo mwaulemu. Lembani wilo mukali moyo, muuze abale anu poyera kuti malata ndi a ana anu. Phunzitsani mwana wamwamuna kuphika nsima, pakuti njala sisankha. Ankhoswe ndi alangizi, gaŵani chilangizo mofanana. Amai, musakhale oyamba kunyoza mnzanu akaimirira.

Mai wa mu mphakati wathu uja adabwerera kwao ndi ana ake anai, ndipo wamkulu, mtsikana wa Fomu 2, sadapitirize sukulu. Ufa wathu udatha m'masabata aŵiri. Chimene maiwo ankasoŵa tsiku lija sichidaali chifundo chokha, koma anthu oŵaperekeza, ndipo ife tidaŵamana chifukwa choopa liu. Ngati liu loti jenda likutilasa m'khutu, tilisiye. Tili nalo lathu lakale, limene aneneri adalilalika pa za amasiye ndi ana ao: chilungamo. Dzina lililonse limene tingasankhe, pa tsiku lomaliza sitidzafunsidwa za dzinalo. Tidzafunsidwa za malata aja.